Amene Analemba Kuti "Iwe"

Bwana Hojiakbar anadzaza kambale ka tiyi mpaka m'milomo, n'kukakankhira kwa mmisiri wamkulu, Usta Ergash. Muattar, mayi wogwira ntchito pakampani ya bwanayo, ataona zimenezo anadziwa kuti zinthu zaipa. Kuno ku Margilan mlendo amene ukumufuna umamuthirira tiyi pang'onopang'ono kuti uzimuwonjezera, macheza azipitirira. Ukamudzazira, ndiye kuti wamuuza kuti amwe azipita. Ndipo amene ankadzaziridwa Loweruka limenelo m'mawa anali mkulu amene ananyika ulusi wa silika pakampaniyo zaka makumi anayi ndi zitatu.

Patebulo, pambali pa buledi, panali mtolo wa ulusi. Unayenera kukhala wofiira, kufiira kuja kumene anthu amakwerera sitima kudzakuona ndi maso. Koma unali wakuda ngati chiwindi chopserera.

"Mitolo makumi asanu ndi limodzi, Usta," anatero bwana. "Mayi wa ku Italy uja akufika Lachitatu kudzaona ulusi wa mipango yake. Ndikamuonetse chiyani? Matope?"

"Uthenga umenewo sindinalembe ine, bwana."

"Nanga foni iyi si yanu?" Bwana anali ataigwira m'manja chilandireni kwa mwiniwake m'mawa. Anavala magalasi n'kuwerenga mokweza. "Dzulo Lachisanu, zitatsala mphindi zisanu ndi zitatu kuti ikwane wani koloko. 'Zebo, siyani mwala wowawa. Thirani madzi a dzimbiri makapu awiri, muviike mpaka mawa.' Mwanayo wamvera, ndipo nazi zotsatira zake. Tsono tiuzeni inu, Muattar, zimene mwapeza pa Bwalo lanu lija."

Bwalo linali mwana wa Muattar. Chaka chatha, amisiri awiri atamwalira motsatizana n'kupita kumanda ndi nzeru zawo zonse, iye anachonderera bwana kuti atsegule gulu la pafoni la antchito okhaokha. Aliyense ankaikapo zimene akudziwa: wina kanema wa kaphikidwe ka zikwa za silika, wina mawu ofotokoza kalumikizidwe ka ulusi woduka. Wofunsa ankafunsa, wodziwa ankayankha, ndipo zonse zinkasungika. Munalinso chipinda chokiya cha onyika utoto, cholowamo anthu anayi okha: Usta, wachiwiri wawo Tursunboy, wophunzira wawo Zebo, ndi Muattar monga wosunga Bwalo. Zinamutengera miyezi isanu ndi iwiri, ndiponso mbale zambiri za osh, mpunga wathu wophika ndi nyama, kuti Usta alole kujambulidwa akuphika utoto wofiira uja.

"Kanema wa utoto wofiira watumizidwa kunja, ku nambala yosadziwika," anatero Muattar. "Kenako wafufutidwa. Zonse zachitika ndi foni ya Usta, mphindi zitatu uthengawo usanalembedwe."

"Ine ndinali kumzikiti," anatero Usta. "Foni ndimaisiya pashelefu m'kachipinda kanga. Mulungu safuna foni. Nditabwerako ndinangoitenga n'kupita kuphwando la mdzukulu wanga."

"Bambo, musawapanikize kwambiri," analowererapo Ravshan, mkamwini wa bwana, amene ankayang'anira zogulitsa. Anali ataima pawindo, suti yake yosalala ngati yongochoka pansimbi. "Ukalamba ndi wovuta. Komanso mukudziwa zija ndinakuuzani, kuti fakitale ina yaikulu ku Tashkent ikuwanyengerera. Ine mlandu ndikuuona pa Bwaloli. Chinsinsi cha makolo n'kuchiika pafoni?"

Usta anangoyang'ana tiyi wodzaza uja, manja awo ofiira mpaka m'zikhadabo ali pamaondo. Muattar anamva chisoni chosakanikirana ndi manyazi, chifukwa dzulo, ali pamzere kumsika wa zikwa, iye anaika chizindikiro cha chala chachikulu pansi pa uthengawo osauwerenga n'komwe.

"Folo koloko lero Usta apereke makiyi," anatero bwana. "Bwalo nalo litsekedwe."

"Ndipatseni mpaka folo koloko yomweyo," anatero Muattar, ataimirira kale.

"Mukapeza chiyani, inu?"

"Wina anagwira foni iyo, bwana. Ndipo munthu ameneyo wadya nafe buledi m'mawa uno."

* * *

Muattar anamupeza Zebo kuseri kwa nkhali zazikulu za utoto, atakhala pathumba la makoko a makangaza, maso atatupa ngati walumidwa ndi njuchi. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, woyamba wamkazi kuloledwa kunyika ulusi pakampanipo, ndipo anali ndi khalidwe lolankhula mothamanga ngati wina amulanda mawu. Kuno mkazi timamulemekeza pomuitana opa, mwamuna aka.

"Opa, ine ndinangofunsa basi! Ulusi watsopano uja ndi wonenepa, ndiye ndinalemba pa Bwalo m'mawa kuti Usta, ndithire mwala wowawa wochuluka bwanji kuti utoto ugwire? Yankho linabwera masana, ine ndili kumsonkhano wa amayi, ndiye nditabwerera ndinachita zomwezo."

"Simunadabwe? Madzi a dzimbiri si a utoto wakuda?"

"Ndinadabwa! Koma wophunzira amafunsa kawiri? Ndinati mwina ndi chinsinsi china chimene sanachiike mu kanema. Ndiponso mmene analembera, opa, ndinaopa n'kuimba komwe."

"Anthu ena anali kuti?"

"Amuna onse kumzikiti. Amayi oomba nsalu anali kuholo kwawo. Koma Tursunboy-aka sanapite kumzikiti, zimenezo ndikudziwa. Anatuluka kale nthawi isanakwane, atavala chikhoto chake chotukuka pachifuwa, akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku."

Muattar anasunga zimenezo mumtima. Tursunboy anakhala wachiwiri zaka makumi awiri, ndipo aliyense ankadziwa kuti mpando wa Usta ankauyang'ana ngati mphaka pa mkaka. Muattar anali atatembenuka kale kuti azipita pamene mawu aja anamukoka.

"Mwati mmene analembera? Analemba bwanji?"

Zebo anayambanso kulira. "Ulusi ndi ulusi, opa, ungagulidwe wina. Koma ine usiku wonse ndimadzifunsa kuti ndawalakwira chiyani Usta kuti afike pondinena choncho. Zaka zitatu akundiitana kuti mwana wanga, bwerani, mwana wanga, taonani. Dzulo lokha n'kunditchula kuti iwe?"

Muattar anasolola foni yake m'thumba mofulumira mpaka makiyi anagwera pansi. Anatsegula chipinda cha onyika utoto, n'kuwerenga ndi maso ake koyamba.

"Iwe Zebo, siya mwala wowawa. Thira madzi a dzimbiri makapu awiri, uviike mpaka mawa."

Anawerenganso kachiwiri. Bwana Hojiakbar, mwana wa chigwa chino, anali atawerenga zina. Lilime lawo linakonza lokha mawuwo popanda kuwapempha chilolezo. Kuno timati inu kwa mwana woyamwa, mwamuna amati inu kwa mkazi wake ngakhale pakati pa mkangano. Ndipo Usta Ergash, Muattar anawamvapo ndi makutu ake akuuza mphaka kuti, "Tachokani pa ulusi, mayi."

"Pukutani misozi," anatero Muattar. "Usta sanakunyozeni. Wakuba wathu wasiya phazi."

* * *

Tursunboy anali kubwalo lakuseri akukolezera moto pansi pa nkhali, thukuta likuyenderera m'ndevu. Anali munthu wamkulu thupi, wa mawu ngati ng'oma yong'ambika, amene anakhalapo zaka zisanu ku Russia akumanga nyumba, n'kubwerako ndi msana wowawa ndiponso mawu ena osatchulika pamaso pa amayi. Ngati panali munthu wa kuno amene iwe akanatuluka pakamwa pake, anali yemweyu.

"Tursunboy-aka, dzulo munapemphera mzikiti uti?"

"Aa, wapolisi wa mafoni wafika! Mwabwera ndi unyolo, mlongo?"

"Ndabwera ndi funso. Mzikiti uti?"

"Mulungu ali paliponse."

"Ngakhale m'kachipinda ka Usta?"

Tursunboy anaponya chikuni pansi. "Tamverani, Muattar. Nkhalamba ija ine imanditopetsa, zimenezo sindibisa. Zaka makumi awiri ndikutakasa nkhali zake, dzina n'kumatchuka lake. Koma ine ndibe kanema wa utoto wofiira? Ndibe chimene chili muno?" Anadzigogoda pamutu. "Ndikhoza kukuphikirani utoto umenewo nditatseka maso, nditaledzera, ndikuimba nyimbo. Ndipo Bwalo lanu lija ndili ndi kiyi yake, ngakhale sindilitsegula. Foni ya Usta ndikanaifuniranji?"

Zinali zomveka, ndipo Muattar sanakondwe nazo. "Nanga bwanji simukunena kumene munali?"

Pamenepo chikhoto chimene chinapachikidwa pamsomali chinalira. Chinalira ndithu, kakulira kakuthwa katatu. Tursunboy anayang'ana kumwamba ngati sanamve. Muattar anapita n'kupisa dzanja m'thumba lamkati, n'kutulutsa kazinziri konenepa kothothoka nthenga pamutu.

"Ndewu ya zinziri? Lachisanu, nthawi ya mapemphero?"

"Tsitsani mawu, mlongo! Mkazi wanga akamva ndigona ndi nkhosa. Kunali kunyumba ya tiyi ya kumlatho, anthu makumi atatu anandiona. Ndipo anapambana, muoneni, kamfumu kameneka!"

Muattar anaseka ngakhale nthawi inali kumuthera. Anamuonetsa uthenga uja. Tursunboy anawerenga akugwedeza milomo, kenako anaphulika.

"Iwe? Usta? Ha! Munthu amene ananditayira nkhali yonse ya utoto n'kundiuza kuti, 'Tursunboy, mwana wanga, manja anuwa Mulungu anawalengera fosholo.' Amakutukwana mwaulemu mpaka umathokoza! Amene analemba izi sanakhalepo pansi pa mmisiri wa kuno. Akuganiza kuti nkhalamba zonse zimalankhula ngati za kumzinda waukulu, kumene mmisiri amakuitana ngati galu."

"Kumzinda waukulu," anabwereza Muattar pang'onopang'ono.

"Inde. Ndiye kunena zoona, mwezi watha wina anandigulira osh wa mafuta ambiri, akuti ndimufotokozere za kufiira kuja kuti alembe m'kabuku ka malonda. Ndinadya osh, ndinamuuza kuti chinsinsi ndi kusamba m'manja."

"Ndani?"

Tursunboy anabweza kazinziri m'chikhoto, n'kuyang'ana kuwindo la ofesi ya pamwamba. "Mbalame ikakhala pauta silasika, mlongo. Inu muli ndi ana awiri. Samalani."

* * *

Ravshan anakhala kuno zaka khumi chikwatireni mwana wa bwana, ndipo anaphunzira ulemu wathu bwino kwambiri moti anthu anaiwala kuti anabadwira ku Tashkent. Ankati inu kwa mlonda, inu kwa ana ake. Koma Muattar anakumbukira tsiku lina atamumva pamasitepe akulankhula ndi mng'ono wake pafoni. Tsiku limenelo iwe ankangogwa pakamwa pake ngati mtedza wotayika.

Kukumbukira si umboni. Nthawi inali itadutsa thu koloko. Muattar anaima pakhomo la ofesi ya Ravshan, anapuma kawiri, n'kuvala nkhope ya munthu wogonja.

"Lowani, Muattar-opa, lowani! Mwatopa, zikuoneka. Tiyi?" Anamuthirira pang'ono, monga mwa mwambo. Ankanunkhira mafuta okwera mtengo, ndipo nsapato zake zachikasu zosongoka, zimene ankati anagula ku Istanbul, zinkawala ngati zanyambitidwa.

"Ndagwira njakata, Ravshan-aka. Tursunboy ali ndi mboni makumi atatu. Inuyo dzulo simunaone aliyense pobwerera kumzikiti?"

"Ine ndinachedwa pang'ono, ndinaima mzere wakumbuyo. Apongozi anga anali kutsogolo, monga nthawi zonse. Nditatuluka ndinapita kukadya ndi alendo. Musadzivute, opa. Usta sadzagona ndi njala. Ndili ndi anzanga ku Tashkent, ndikhoza kuwalankhulira."

Ndiye nkhani yake ndi imeneyo, anaganiza Muattar. Kanema apite, wogula akhumudwe, ndipo mmisiri atachotsedwa mwamanyazi akagwade yekha pakhomo la fakitale ija. Mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu, koma anamwa tiyi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Chimene chikundivuta n'chimodzi," anatero mofatsa. "Zebo akuti uthengawo sukumveka ngati wa Usta."

"Zebo ndi mwana, akufuna kuteteza mphunzitsi wake. Sukumveka bwanji? Ndi mmene akuluakulu amalankhulira kwa ophunzira awo." Anakwinya nkhope, n'kutsanzira mawu a nkhalamba, chala chili m'mwamba. "'Iwe Zebo, siya ichi, thira icho!' Ndi Usta weniweni ameneyo."

Muattar anaika kambale pansi mosamala kwambiri. M'mawa uja bwana anawerenga kuti siyani, thirani. Ravshan analibe kiyi ya chipinda cha onyika utoto, ndipo foni ya Usta inali isanachoke m'manja mwa bwana.

"Mwandithandiza, aka," anatero. "Simukudziwa mmene mwandithandizira."

Anatsika masitepe awiriawiri. Koma atafika pansi anaima. Mawu a wantchito kulimbana ndi mawu a mkamwini, pamaso pa apongozi? Ravshan akanangoti anamva kwa Zebo, nkhani n'kuthera pomwepo. Pankafunika chinthu chooneka ndi maso, ndipo kunatsala ola limodzi ndi theka.

* * *

Muholo ya oomba nsalu munali phokoso losalekeza la matabwa oombera nsalu, moti amayi kumeneko amalankhulana mokuwa ngakhale ali kunyumba. Mawindo ake amayang'ana pabwalo, moyang'anizana ndi khomo la kachipinda ka Usta.

"Amayi! Dzulo nthawi ya mapemphero, ndani anaona munthu pabwalo?"

"Ife timayang'ana ulusi, sitiyang'ana amuna!" anakuwa Oyjamol, mayi wa mano agolide amene anali woomba wamkulu. Holo yonse inaseka. "Komanso ine ndinali wotanganidwa ndi ntchito yanu yomwe ija. Mwakhala mukundilondola mwezi wathunthu kuti ndijambule kamangidwe ka mfundo yosaoneka. Ndajambula dzulo, ndaika pa Bwalo, ndipo mpaka pano palibe ndi mmodzi yemwe wandiyamikira. Ndinachita kudikira kuti amuna achoke, asamadutsedutse pawindo n'kunditchingira kuwala!"

"Munajambulira pawindo liti?"

"Ilo. Bwanji, tsitsi silinaoneke bwino?"

Muattar anali atatsegula kale. Kanemayo anaikidwa zitatsala mphindi zisanu kuti ikwane wani koloko, ndipo anali wa mphindi zisanu ndi ziwiri. Zala za Oyjamol zinadzaza chithunzi chonse, zikupota ulusi wobiriwira. Kumbuyo kwake, kudzera pawindo, kunkaoneka bwalo lopanda munthu ndi chitseko cha buluu cha Usta. Palibe amene analowa, palibe amene anatuluka. Mtima wa Muattar unagwa.

Kenako anayang'ana pansi pa chitsekocho. Anaimitsa kanema, n'kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri. Anakulitsanso.

"Mayi anga ine!" anakuwa, mpaka matabwa onse analeka kulira.

* * *

Folo koloko itatsala pang'ono, ofesi ya bwana inali itadzaza. Usta anakhala pamalo omwe aja, makiyi ali patebulo patsogolo pawo. Zebo anaima kukhoma, Tursunboy anatsekereza khomo ndi thupi lake, ndipo Oyjamol analowa osaitanidwa. Ravshan anabwera pomaliza, akumwetulira.

"Bwana, ndikupempha muwerengenso uthenga uja," anatero Muattar. "Koma ulendo uno chilembo ndi chilembo, mmene walembedwera."

Bwana anang'ung'udza, anavala magalasi. "Zebo, siyani..." Anaima. Anayandikitsa foni kumaso. "Iwe... Iwe Zebo. Siya. Thira." Mawuwo anatuluka movutikira ngati akumeza mankhwala owawa. Anavula magalasi n'kuyang'ana Usta. "Zaka makumi anayi ndi zitatu, sindinakumvenipo..."

"Ngakhale kwa bulu," anatero Tursunboy.

"M'mawa munawerenga mwaulemu, bwana, ndipo tonse tinamva choncho. Koma masana ano munthu wina wandibwerezera mawu enieniwo, kuti iwe Zebo, siya, thira. Munthu amene alibe kiyi ya chipinda chimenecho. Ravshan-aka, munawaona kuti?"

Kumwetulira kwa Ravshan sikunachoke, kunangouma. "Ndimangoyerekeza, opa. Kapena ndinamva kwa Zebo, sindikukumbuka."

"Ine sindinalankhule nanu!" anatero Zebo.

"Bambo, kodi tikhala pano kumvetsera nthano za galamala? Ine ndinali kumzikiti."

"Munapita wopanda nsapato?" anafunsa Muattar.

Anaika foni yake patsogolo pa bwana. Pachithunzi, kuseri kwa chala cha Oyjamol, pakhomo la buluu, panali nsapato ziwiri zachikasu zosongoka, zitaikidwa bwinobwino moyang'ana kunja. M'kachipinda ka Usta muli mkeka umene amapempherapo ndi kumwerapo tiyi, ndipo palibe munthu woleredwa amene angaupondepo ndi nsapato. Ravshan analowa kukaba, koma pakhomo anavula.

Anthu onse anayang'ana pansi nthawi imodzi. Nsapato zomwezo zinali pamzere wa nsapato pakhomo la ofesi, zikuwala.

"Za ku Istanbul," anatero Oyjamol mokweza, monga amalankhulira kuholo. "Anatiuza yekha kuti m'Margilan monse mulibe zina!"

Pamenepo nkhope yaulemu ija ya Ravshan inagwa yonse. Anatembenukira kwa Muattar, maso ali psuu. "Iwe! Iwe ndiwe ndani, kamkazi kosunga mafoni? Ukudziwa zimene anandilonjeza ku Tashkent? Zaka khumi ndikugwadira anthu m'tauni ya fumbi ino, inu, inu, inu, mpaka kwa makanda!"

Mawu aja anangokhala m'chipindamo, aliyense atawamva. Bwana Hojiakbar anaoneka ngati akalamba zaka khumi pa mphindi imodzi. Muattar anawamvera chisoni ndithu, chifukwa madzulo omwewo anayenera kukayang'anizana ndi mwana wawo wamkazi. Bwana anatenga makiyi aja ndi manja awiri n'kuwabwezera kwa Usta.

"Ndikhululukireni, Usta. Ndinakudzazirani tiyi."

Usta analandira makiyi n'kuwaika m'thumba. Kenako anatambasula dzanja lawo lofiira, n'kunyamula tipoti. Anatenga kambale koyera. Anathira pang'onopang'ono, tiyi akukwera, akukwera, mpaka anafika m'milomo. Tursunboy anatsamira kutsogolo, pakamwa pali yasa. Muattar naye anagwira mpweya. Aliyense ankadikira kumva mawu amene nkhalambayo inali isanawatchulepo chibadwire, ndipo kunena zoona aliyense ankawalakalaka.

Usta anakankhira kambale kwa Ravshan osataya ngakhale dontho.

"Imwani, mwana wanga," anatero. "Ulendo wa ku Tashkent ndi wautali."

Ravshan sanamwe. Tursunboy anamupatukira pang'ono chabe, moti anatuluka chammbali, n'kumavutika kuvala nsapato zake anthu onse akumuyang'ana. Bwana anatenga foni yapatebulo n'kuimbira wapolisi wa m'dera lathu.

Muattar anatsatira Usta pamasitepe. Chisangalalo chinali chitayamba kumuthera, chifukwa ankadziwa kuti kanema uja anapita ndipo sadzabwerera. Ndi iye amene anachonderera kuti ajambulidwe.

"Usta, ndine ndinakuikani m'mavuto amenewa. Mukafuna kuchoka pa Bwalo, sindikukakamizani."

"Bwalo lanu landibera m'mawa, landipulumutsa madzulo," anatero Usta osacheuka. "A ku Tashkent aonere kanemayo mpaka maso awawe. Akafuna kufunsa kuti ulusi ukanenepa athire bwanji, akafunsa ndani?"

Anafika pabwalo. Usta anavula nsapato pakhomo la buluu, analowa, n'kutuluka ndi thumba la mizu yofiira. Anayang'ana dzuwa, n'kuwerenga masiku ndi zala.

"Lachitatu si patali. Tursunboy, kolezani nkhali zonse zitatu, ndipo mbalame yanuyo ikhale kutali ndi moto. Muattar, mwangoima bwanji? Yatsani foni, mujambule bwino ulendo uno, uja munandidula mutu pakanema." Kenako anatembenukira kwa mtsikana amene anaima patali akupotokola nsonga ya mpango wake. "Zebo, mwana wanga, bwerani. Funso lanu la dzulo sindinakuyankheni."